Tsamba Lachiwiri

Ivory Park
Lachinayi masana

Lusiya, mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe utapita ku Doornfontein kukagula chikhothi cha ku Mangalande. Ndapempha tsiku limodzi kuntchito kuti ndilembe, chifukwa dzanja langa limachedwa. Mawa madzulo ukukwera ndege. Kuyambira Lamulungu sunandiuze mawu ena oposa akuti madzi osamba atentha, ndipo inenso sindinakuyankhule. Sindifuna kuti upite tili chonchi. Komanso usaganize kuti mtima wanga watsika. Ndidakali wokwiya, ndipo uwerenge mpaka kumapeto kuti udziwe amene ndawakwiyira ndi angati.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika, kuti tisadzatsutsane m'tsogolo. Lamulungu unaika patebulo pepala limene watumiza Kolini, mwana wa malemu Bwana Penfold, amene ndinawagwirira ntchito ya m'nyumba zaka makumi awiri ndi mphambu. Kolini tsopano ndi khansala kumeneko, wa chipani cha bambo ake, chija amati n'chosunga za makolo. Wakupatsa chipinda m'nyumba mwake, pafupi ndi sukulu yako, kuti uzithandiza ku ofesi ya chipanicho. Pepalalo lili ndi mzere wosayina iwe ndi mzere wosayina kholo. Unati mtsogoleri watsopano wa chipanicho ndi wachinyamata ndipo akufuna nkhope zatsopano. Unati aphunzitsi ako akuona kuti pachisankho chikubwerachi mwina palibe chipani chidzapambane chokha, choncho chachikulu chidzayenera kutenga chaching'ono n'kupanga boma la mgwirizano, ndipo kumeneko ndiko kukhwima nzeru, anthu osiyana kukhala patebulo limodzi. Nditakufunsa ngati wawerenga masamba onse awiri, unati ndi zolemba za masiku onse, zosafunika kutaya nazo nthawi. Nditati sindisayina, unandiyankha kuti, “Bambo, ndale za ku Mangalande inu simungazidziwe. Munalekera sitandade fili.”

Pa sitandade unanena zoona. Pa zinazo unalakwa, ndipo ndikuonetsa.

Chipani chimenecho ndinachiphunzira ndikusita malaya. Bwana Penfold anakhala mu Joni zaka zambiri kuposa ine, koma wailesi yawo sinkachoka pa nkhani za kwawo, ndipo pa khoma la chipinda chodyera panali chithunzi cha mtsogoleri wa chipani chawo. Ndinkachipukuta Lachisanu lililonse. Alendo akabwera, ankakweza matambula n'kumwera chithunzicho. Mtsogoleriyo anawapambanitsa zisankho kangapo. Tsiku lina m'mawa wailesi inanena kuti nduna zake zomwe zamuuza mmodzimmodzi, m'chipinda chotseka, kuti achoke. Ndinaganiza kuti Bwana alira. Anamaliza dzira lawo, napukuta pakamwa, nati nthawi inali itakwana, ndipo nditsitse chithunzicho ndikachiike ku galaja. Pa khomapo panatsala malo oyera. Chipanicho chitagonja pachisankho patapita zaka, chinayamba kusintha atsogoleri ngati masokosi. Sindinathenso kuloweza nkhope zawo. Mmodzi anamuchotsa ndi makalata. Bwana anandifotokozera okha, monyadira, kuti aphungu amalemba makalata mwachinsinsi kwa munthu wina wosunga, ndipo akakwana chiwerengero mtsogoleri amauzidwa. Ndinafunsa ngati olembawo amadziwika. Anaseka, nati ayi, umenewo ndiwo ulemu wake: m'mawa umupatsa moni, masana ulemba kalata. Ndiye mtsogoleri wako wachinyamatayo usamuwerengere. Amene akumuombera m'manja lero mapepala olembera kalata ali nawo kale m'thumba.

Ukumbukire zimenezi, Lusiya. Anthu amene amachita zotere kwa mtsogoleri wawo, wobadwira m'nyumba zawo, wophunzira sukulu zawo, iwe mwana wa wositasita wa ku Dedza sadzakuchitira zoposa. Sindikunena kuti ndi anthu oipa kuposa ena. Ndilibe ufulu wonena zimenezo, chifukwa zimene ndinamva pa wailesi ija inenso ndinazichita. Nkhani imeneyi sindinakuuzepo.

Unali mwana pamene tinali ndi bungwe lathu la maliro, la Amalawi okhaokha. Analiyambitsa ndi a Mbewe, amene unkawaona ndi ndodo kutchalitchi, munthu wa masiku a ku migodi ngati ine koma wamkulu kwa ine. Lamulo la bungwe linali limodzi: womwalira apite kwawo. Tinali ndi nsalu yakuda ya mzere wofiira m'mbali, imene anasoka ndi amayi a bungwe, mayi ako ali pomwepo. Tinkafunda nayo bokosi. Amuna awiri ankakwera ndi maliro, osawasiya okha ngakhale pa chipata cha Beitbridge, ngakhale pa kutentha kwa ku Tete, mpaka kukawapereka m'manja mwa eni mbumba. Akabwerako ankabweza nsaluyo pamsonkhano, n'kuimirira n'kunena amene analandira maliro, adzukulu amene anakumba, ndi mbali ya manda imene munthu wathu wagona. Zolembalemba tinalibe. Nkhani iliyonse a Mbewe ankainena katatu mokweza, kenaka n'kufunsa kuti, “Tavomera?” Wokana ankakana pomwepo, anthu akumuona nkhope.

Tinali ochepa, ndipo galimoto tinkachita kupempha. Ku Doornfontein kunali bungwe lina lalikulu, la anthu a ku Zambia ndi ena osiyanasiyana, lokhala ndi galimoto yakeyake. Wapampando wake anali a Daka a ku Chipata, kalaliki wa sitolo ina yogulitsa katundu wambiri. Anatitumira mawu kuti tiphatikizane. Inali nthawi imene dziko lino linali litangovota anthu onse, adani akale atakhala m'boma limodzi, ndipo mawu akuti mgwirizano anali pakamwa pa aliyense mpaka m'matakisi. A Daka ankalankhula chilankhulo chathu chomwechi, ndiye ndinaganiza kuti poti tikumvana mawu, tikumvananso maganizo. A Mbewe anakana. Anati iwo sakana anthu, koma akufuna amve ndi makutu awo, pagulu, zimene bungwe lalikululo limachita ndi akufa ake. Ine ndinaona ngati ndi ukalamba. Kunena zoona, a Daka anali atandinong'oneza kale kuti wachiwiri kwa wapampando adzachokera kwa ife, ndipo ponena mawuwo ankayang'ana ine.

Ndinayamba kuyenda m'mikhukhu ya anzathu, tinyumba tija ta malata, ndikaweruka, khomo ndi khomo, osapita kwa a Mbewe. Bodza sindinanene. Ndinkangosankha zoona zimene zinali zondithandiza: kuti a Mbewe khutu limodzi silikumva, kuti amawodzera pamsonkhano, kuti maliro a chaka chapitacho anachedwa sabata yathunthu chifukwa cha galimoto. Aliyense ndinkamuuza kuti enawo avomera kale. Lamulungu la msonkhano ndinawapatsa moni ndi manja awiri, n'kuwanyamulira mpando kuwaikira pamthunzi. Atayamba kulankhula, amuna anaimirira mmodzimmodzi monga tinapanganira, kusonyeza kuti a Mbewe atule pansi utsogoleri. A Mbewe anayang'ana onsewo, kenaka anayang'ana ine amene ndinali ndisanaimirire, ndipo anadziwa. Sanatukwane. Anatulutsa nsalu ija m'chikwama chawo, naipinda bwinobwino, nandipatsa. Anati, “A Banda, nsaluyi imadziwa njira ya kwathu. Muione isaiwale.” Anavala chipewa chawo n'kumapita. Palibe anawaperekeza.

Ndiye ndikamakuuza za atsogoleri a chipani cha Kolini, usaganize kuti ndikulankhula za pa wailesi pokha. Ndikudziwa mmene dzanja limamvera likamapereka moni kwa munthu amene wamugulitsa kale.

Tsopano umve bwino, chifukwa apa m'pamene pali nkhani. A Daka anandipatsa pepala la mgwirizano kuti ndikaliwerenge kunyumba. Linali la Chingerezi, masamba awiri omata pakona. Linakhala m'thumba la jekete langa sabata yathunthu. Chingerezi cholankhula ndimachimva, cha kukhitchini ndi cha kumunda wa maluwa, koma cha pa pepala lotere mawu ake ndi aatali. Mayi ako analipeza pochapa. Anati, “Mpatseni Lusiya akuwerengereni.” Iwe unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo unkawerenga kale kuposa ana onse a mumsewu wathu. Unali pomwepo, pansi, ukulemba za kusukulu pa kreti. Ndinawakalipira mayi ako. Ndinati mwamuna amene akukakhala wachiwiri kwa wapampando sawerengeredwa pepala ndi kamwana kakakazi. Mayi ako anabweza pepalalo m'thumba.

Tinakasayinira m'chipinda chapamwamba pa sitolo ija. Ndinavala tayi imene Bwana anataya. A Daka anawerenga tsamba loyamba mokweza, akumasulira: kuti ndife amodzi, kuti galimoto ndi ya tonse, kuti pa mipando khumi ndi iwiri ya komiti itatu ndi yathu. Anthu anaomba m'manja. Atafika pansi anatembenukira kwa ine, anthu onse akumva, nati, “Tsamba lachiwirili a Banda mwawerenga kale kunyumba, eti? Tisachedwetse anthu.” Ndinati inde. Ndinalemba dzina langa pansi pa tsamba limenelo, pang'onopang'ono, monga ndikulembera panomu. Ndinabwera kunyumba ndikuyenda ngati munthu wamkulu.

Tsamba lachiwirilo linkati aliyense womwalirira kuno adzaikidwa kuno. Galimoto sidzadutsa malire. A Daka sanabise mwachinyengo. Anthu awo ambiri anali atakhazikika, ana awo obadwira kuno, ndipo kwa iwo lamulolo linali labwino. Linali lamulo lawo kuyambira kale, ndipo n'chimene a Mbewe ankafuna kumva pagulu. Ine ndinalidziwa patapita miyezi isanu, atamwalira a Chisale, wopenta nyumba wa ku Ntcheu, mmodzi wa amene anaimirira tsiku lija chifukwa cha ine. Ndinati tikonze ulendo. Komiti inandiyang'ana ngati ndaledzera. Tinavota, ndipo manja atatu sangapose manja asanu ndi anayi. Kenaka anati poti a Banda ndi wachiwiri kwa wapampando, ndiponso ndi Mmalawi mnzawo, n'koyenera kuti akamuuze okha mkazi wamasiye.

Ndinapita. Mayi Nachisale anali atamanga kale katundu wa pa ulendo, zovala za malemu zili m'chikwama kuti akagawire abale kumudzi. Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa, ndinanena. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anafunsa mwakachetechete kuti, “A Banda, mwabwera ngati wathu kapena ngati wawo?” Ndinavala chipewa n'kutuluka. Tsiku limenelo ndikanayenera kubweza mpando, kuitana anthu athu, kukagwada kwa a Mbewe. Sindinatero. Ndinadziuza kuti ndikakhala mkati ndidzasintha lamulo pang'onopang'ono. Zaka zitatu ndinakhala pa mpando umenewo, ndipo sindinasinthe ngakhale liwu limodzi. Maliro onse a Amalawi, wonyamula uthenga ndinali ine. A Daka palibe anawada, chifukwa anali asanalonjezepo munthu wathu aliyense kanthu. Ankadana ndi ine.

Umenewo ndiwo mgwirizano umene ndikuudziwa, mwana wanga. Wamkulu amalemba pepala. Wamng'ono amalandira mpando wa kutsogolo, ndipo uthenga wowawa amakaupereka ndi iye, pakamwa pake, kwa anthu ake omwe.

Za matenda a mayi ako ukuzidziwa, unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndipo unkawaphikira phala. Chimene sukudziwa n'chakuti sabata yomaliza, iwe utapita kukatunga madzi, anandigwira dzanja nati ndikawagoneke pafupi ndi amayi awo, kumudzi kwawo ku Dedza, kumene mwambo umafuna kuti mkazi agone. Ankadziwa za tsamba lija monga anthu onse ankadziwira. Anapemphabe. Ndinati inde. Mumtima ndinkati wachiwiri kwa wapampando sangamukanize galimoto pa maliro a mkazi wake.

Komiti inakumana tsiku lotsatira imfa yawo. Ndinapempha nditaimirira, kenaka ndinapempha nditagwada, ine amene sindinagwadirepo ngakhale kapitao wa mumgodi. A Daka anatsegula pepala lija, natembenuza tsamba, naika chala pa dzina langa. Anati, “A Banda, chisoni tili nacho tonse. Koma Mayi Nachisale munakawauza ndinu. Tikakupatsani galimoto inu lero, iwowo tikawauza chiyani?” Ndinafuna kuwamenya. Chimene chinandipweteka n'chakuti ankanena zoona. Ndinatuluka n'kuyenda makomo omwe aja ndinayenda pochotsa a Mbewe, kupempha kuti tisonkhane ngati kale, tipeze galimoto, amuna awiri akwere nane. Anandimvera nditaima pakhomo. Ena anali ataika abale awo kuno chifukwa cha uthenga wanga. Palibe anandiuza kuti ndilowe. Munthu mmodzi sangadutsitse maliro malire atatu yekha, wopanda kalata ya bungwe, wopanda galimoto, masiku osungira thupi kuchipatala akutha.

Unaona wekha kumene tinawaika, ku manda a mbali ya Tembisa, dzenje lokumba ndi makina, pa mzere, ndi nambala pa kachitsulo. Adzukulu panalibe, eni mbumba panalibe. A Mbewe anabwera ndi ndodo yawo n'kuima nthawi yonse, atakana mpando. Pomwazikana anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati nsalu ija ilipo. Ndinati ilipo. Anagwedeza mutu n'kumapita. Chaka chotsatira nawonso tinawaika komweko, mizere inayi kuchokera pa mayi ako, munthu amene anaperekeza anzake ambirimbiri kwawo.

Iwe ndinakuuza kuti a zipata za malire anakana mapepala. Linali bodza. Malume ako a Yohane ndinawalembera bodza lomwelo, koma anthu obwerera kumudzi anawauza zoona, ndipo n'chifukwa chake sayankha makalata a m'nyumba muno. Kangapo unandifunsa chimene unawalakwira. Sunawalakwire kanthu. Mayi ako agona pakati pa alendo chifukwa bambo ako anachita manyazi kupatsa mwana wawo pepala kuti awawerengere. Ndiye Lamulungu, pamene unati tsamba lachiwiri ndi zolemba za masiku onse, n'kundikumbutsa za sitandade fili, mawu ako anagwera pamenepo. Ndinakuthira mawu aukali, ndipo ena mwa iwo sanali ako, anali anga.

Lachiwiri ndinatenga pepala la Kolini m'chikwama chako usakudziwa. Sindipepesa pa zimenezo. Ndinakwera takisi kupita ku Doornfontein, kwa a Daka, amene sindinawayankhule zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinapita kwa iwo chifukwa ndikudziwa kuti amawerenga tsamba lachiwiri. Akalamba, maso akuvuta, koma anavala magalasi nawerenga masamba onse awiri, kawiri, akumasulira mzere ndi mzere. Pamene sindinamve ndinati abwereze, antchito a m'sitolo akumva, ndipo sindinafe nazo. Atamaliza anati, “A Banda, mukanandifunsa chonchi nthawi ija.” Ndinati ndikudziwa.

Tsamba loyamba likunena za chipinda, za kiyi, ndi za maola ozimitsira nyimbo. Lachiwiri likuti ulowe chipanicho ndi kutenga khadi lake. Likuti madzulo awiri pa sabata ndi Loweruka lililonse ndi za ofesi yawo, ndipo nthawi ya kampeni uziyenda khomo ndi khomo ndi timapepala, m'dera limene iwo akusankhire. Likuti dzina lako ndi chithunzi chako angazisindikize pa timapepala tawo mmene angafunire. Likuti pokhala m'nyumbamo usalankhule kapena kulemba zotsutsa chipanicho pagulu, ndipo ukasiya ntchitoyo uchoke m'chipindamo pasanathe sabata ziwiri. Iwe ukupita kukaphunzira za ndale ndi za maboma. Udzalemba chiyani ngati dzanja lako lamangidwa usanafike n'komwe? Ndipo ukasemphana nawo pakati pa nyengo yozizira, mayeso ali pafupi, udzagona kuti?

Za dera limene adzakusankhire, ndikulidziwa kale. Pachisankho chapitachi Kolini anatumizira bambo ake kapepala kokhala ndi nkhope yake, ndipo Bwana, amene anali akudwala kale, anakamata pa firiji. Anandiwerengera mokweza, monyadira mwana wawo, kuti alendo achuluka m'dzikomo ndipo chiwerengero chawo chichepetsedwe. Ankawerenga ine ndikupukuta tebulo, ine mlendo m'dziko lino, iwonso mlendo m'dziko lino, ndipo sanaone chodabwitsa. Tsopano akuti akufuna nkhope zatsopano. Nkhope yatsopanoyo ndi iwe. Sadzakutuma ku nyumba zazikulu za mipanda ya maluwa. Adzakutuma kumene kukukhala anamwino a kwathu, osamalira nkhalamba, oyendetsa mabasi, kuti uthenga ukamawawa ukatuluke m'kamwa mwa mwana wawo. Ndipo tsiku lina mayi wina adzatsegula chitseko, adzaona kapepala, adzaona nkhope yako, n'kukufunsa funso limene anandifunsa Mayi Nachisale. Ine zaka khumi zapita ndipo yankho sindinalipeze. Sindinakulere kuti ukalifunefune kumeneko.

Kolini si munthu woipa. Ndinamuphunzitsa ndine kumanga zingwe za nsapato, ndipo pa maliro a bambo ake anandikumbatira akulira. Ndikukhulupirira kuti mumtima mwake akuti akuthandiza mwana wa Filimoni, wantchito wa bambo ake. A Daka nawonso sanali oipa. Chimenechi n'chimene ana ophunzira simuchimvetsa: mumayang'ana nkhope ya munthu, mukaona kuti ndi yabwino mumasayina. Pa tsiku la vuto nkhope sidzakhalapo, padzakhala chala choloza dzina lako.

Za boma la mgwirizano limene aphunzitsi ako akuliyembekeza, nawa maganizo anga, poti unati ndilibe. Sindikana kuti anthu osiyana akhale patebulo limodzi. Nthawi zina palibe njira ina, ndipo dziko lino linapulumuka nazo. Koma ngati chipani chachikulucho chidzatenge chaching'ono, udzaonetsetse wamng'onoyo. Mtsogoleri wake adzapatsidwa mpando wachiwiri ndi galimoto. Zimene analonjeza anthu ake adzazipeza zitafafanizidwa pa tsamba limene sanaliwerenge pagulu. Adzati akhale mkati kuti asinthe pang'onopang'ono. Pachisankho chotsatira adzagogoda pa makomo a anthu ake, ndipo adzamumvera ataima panja, pamene wamkuluyo akupitiriza ulendo. Mgwirizano wabwino ndi umene masamba ake onse awerengedwa mokweza, katatu, eni ake akumva, ndipo wamng'ono akudziwa kale chinthu chimodzi chimene akachikhudza iye adzanyamuka pampando tsiku lomwelo. Ukalembe zimenezi m'mabuku ako a sukulu. Akakufunsa kumene wazitenga, ukanene kuti wakuuza ndi munthu wa sitandade fili.

Sindinakukanize chipinda n'kukusiya panja. Dzulo ndinaimbira foni Agnesi, namwino uja ankaimba kwaya ndi mayi ako, amene ali mumzinda womwewo. Ali ndi kachipinda kakang'ono kamene amasungiramo makina ochapira. Akuti n'kozizira, zenera lake silitsekeka bwino, ndipo kusukulu ndi mabasi awiri. Uzidzalipira kuchokera pa thandizo lako la sukulu, ndipo nsapato zatsopano uziiwale chaka chino. Koma palibe chosayina, ndipo ukafuna kunena kuti chipani chakuti chikulakwa, udzanena n'kukagona pa bedi lako. Nambala yake ndailemba kuseri kwa tsamba lino. Wati akakudikira pa bwalo la ndege ukamuimbira usananyamuke.

Wakula, ndipo lamulo likukulola kusayina wekha popanda ine. Sindikubisira pepala, sindikuling'amba. Ndalibweza m'chikwama chako mmene linalili. Mzere wa kholo ulibe kanthu ndipo sudzakhala ndi kanthu. Ukasankha kwa Kolini udzakhalabe mwana wanga, ndidzakulembera, ndipo ukadzathamangitsidwa sindidzakukumbutsa kalatayi. Koma dzina langa ndinaliika kale kamodzi pansi pa tsamba lotere, ndipo mtengo wake unalipira ndiwe ndi mayi ako.

Zina ndi zochepa. Uzidya chakudya chotentha kamodzi pa tsiku. Pasipoti usaipereke kwa munthu wina aliyense kuti akusungire. Chimene sunamve, ufunse pomwepo, ngakhale chipinda chonse chiseke. Malume ako uwalembere wekha, ndi dzanja lako, ukawauze kuti zoona wazimva kwa ine. Iwe adzakuyankha.

Nsalu ija ili pansi penipeni m'bokosi langa lachitsulo. Ukadzamva kuti ndamwalira, usavutike ndi galimoto kapena zipata. Ine usadzanditengere ku Dedza. Udzandiike kuno, pafupi ndi mayi ako mmene nambala zingalolere, ndipo nsaluyo udzaipereke kwa Amalawi ena amene angayambitsenso bungwe lonena zinthu mokweza.

Mawa m'ma seveni ndipita ku manda, tisanayambe za ulendo. Sungachoke m'dziko muno usanawatsanzike mayi ako. Ukafuna kupita wekha, ndikupatsa ya takisi ndipo ndidzamvetsa. Ukafuna tipite tonse, ndidzakhala nditaima pageti, ndipo zimene ndalemba panozi ndikazinena pakamwa, iwe ukumva, iwonso akumva.

Ukabwera ndi chikhothi chako undipeza ndili panja. Kalatayi uipeza pamwamba pa pepala la Kolini. Ukamaliza iyi, utenge ilo, utuluke nalo, udzandiwerengere masamba onse awiri mokweza, monga mayi ako ananenera.

Ndine bambo ako,
Filimoni Banda